Za m'Khosi ku Likoma: Goli, Mtanda, Kolala ndi Tayi

Mngerezi ali ndi mawu ambiri a zinthu zovala m'khosi, ndipo amazisiyanitsa poyang'ana nsalu ndi kasokedwe. Tie ndi kansalu kopapatiza komanga mfundo pansi pa chibwano n'kulendewera pachifuwa. Cravat ndi yotambalala, yofewa, yolowetsa m'kati mwa malaya. Scarf ndi ya mphepo, stole ndi ya kuguwa, collar ndi mpendero wa malaya wozungulira khosi. Kwa munthu wa ku Khuyu, pachilumba cha Likoma, kusiyanitsa kotereku n'kwa atelala. Zinthuzi zinafika pachilumbachi chimodzichimodzi, chilichonse ndi ngalawa yake ndi nyengo yake, ndipo chimene anthu ankafuna kudziwa pa chilichonse chinali chakuti ndani waloledwa kuchivala, wamuloleza ndani, ndipo walipira chiyani.

Khosi la Mnyanja silinali lopanda kanthu Azungu asanabwere. Ambiri mwa anthu amene anadzaza chilumbachi m'zaka za m'ma 1800 anali othawa nkhondo kumtunda kwa kum'mawa kwa nyanja, kumene Angoni a Magwangwara ochokera cha ku Songea ankagwa kawirikawiri. Chilumba cha miyala ndi milambe sichinkabereka chakudya chokwanira, koma adani aja sanali anthu a pamadzi. Othawawo anabwera ndi zimene anali nazo m'khosi. Mwana wakhanda ankavekedwa mphinjiri, kachingwe kokhala ndi mankhwala omutchinjiriza ku matenda ndi kwa afiti. Akuluakulu ankavala mikanda yagalasi yopangidwa kutali, ku Venice ndi ku Bohemia, imene inkadzera ku Zanzibar ndi Kilwa pamitu ya amtengatenga. Mikandayo inali chokongoletsa, inalinso ndalama: inkagula nsomba, chimanga, minyanga, ngakhale munthu. Pamwamba pa zonse panali mpande, chigoba choyera chobulungira chodulidwa ku nkhono ya m'nyanja yamchere, chimene m'madera ambiri a kuno chinali cha mafumu ndi abale awo. David Livingstone atapatsidwa mpande ndi mfumu Shinte mu 1854, kumtunda kwa Zambezi, anauzidwa kuti ziwiri zikanagula kapolo ndipo zisanu zikanagula mnyanga wa njovu.

M'nyengo yomweyo munalinso chovala china cha m'khosi chimene mabuku otanthauzira mawu a zovala sachiwerengera, chikhalirecho chinavalidwa ndi anthu zikwizikwi m'mbali mwa nyanja ino. Ndi goli. Unali mtengo wolemera wa mphanda, wotalika pafupifupi mamita awiri. Khosi la munthu linkalowa pamphandapo, kenaka n'kutseka ndi chitsulo kapena chikhomo pammero. Amayi ndi ana ankamangidwa zingwe kapena unyolo. Kuchokera m'zaka za m'ma 1840 Jumbe wa ku Nkhotakota ankaolotsa akapolo pa zombo za matanga kupita tsidya la kum'mawa, kumene ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira. Amene ankakhala pa Likoma ankadziwa bwino lomwe chimene matanga amenewo ankanyamula.

Mpingo umene unadzasintha chilumbachi unayamba ntchito yake pa goli lenilenilo. Livingstone atalankhula ku Cambridge mu 1857, kunabadwa bungwe la Universities' Mission to Central Africa, limene ambiri amangoti UMCA. Mu July 1861 iye ndi gulu la Bishopu Charles Mackenzie anakumana ndi mdipiti wa akapolo pamudzi wa Mbame, kumapiri a Shire. Oyendetsa akapolowo anathawa, ndipo anthu 84 anamasulidwa. Zingwe za amayi ndi ana zinadulidwa msanga ndi mipeni, koma magoli a abambo anafuna macheka amene anapezeka m'katundu wa bishopuyo, ndipo anawacheka mmodzimmodzi. Anthu amenewa ndiwo anali mpingo woyamba wa ku Magomero. Mackenzie anamwalira ndi malungo mu January 1862, mishoni inasamukira ku Zanzibar mu 1864, ndipo panapita zaka pafupifupi 20 kuti ibwererenso kuno. William Percival Johnson ndi Charles Janson anafika m'mbali mwa nyanja mu 1882. Janson anamwalira chaka chomwecho. Mu 1885 mishoni inakhazikika pa Likoma, ndipo Chauncy Maples anadzakhala mutu wake.

Chinthu choyamba chimene mishoni inaika m'khosi mwa Mlikoma chinali kamtanda. Munthu sankabatizidwa msanga. Ankayamba ngati womvera chabe, kuphunzira mawu kwa nthawi yaitali. Akaoneka kuti watsimikiza, ankalandira mtanda pamaso pa mpingo, kamtanda kakang'ono kolendewera pa chingwe, ndipo kuyambira pamenepo ankawerengedwa kuti ndi wokonzekera ubatizo, ulendo umene unkatenganso zaka. Amishoni ankadana ndi mphinjiri ndi zithumwa, ndipo Chipyela, pamene anamangapo tchalitchi chachikulu cha St Peter's kuyambira mu 1903, ndi malo amene kale ankatentherapo anthu owaganizira ufiti. Komabe ine ndimaona kuti pa nkhani ya kamtandaka anagonjera nzeru za eni dziko, kaya ankadziwa kaya sankadziwa. Malo ake anali omwewo, chingwe chake chofanana, ndipo mayi wa ku Khuyu amene anavula mphinjiri n'kuvala mtanda sanafunike womufotokozera kuti chinthu chopachika pamtima chimanena za mphamvu imene munthu waidalira. Mpaka lero si zachilendo m'Malawi muno kupeza khanda lobatizidwa lili ndi kachingwe kake m'khosi kapena m'chiuno, kobisika pansi pa malaya.

Tayi ndiye amishoni a UMCA sankamufuna. Iwo anali a mbali ya Chiangilikani yoyandikira Chikatolika, osakwatira, olandira ndalama zochepa, ndipo ankanena poyera kuti akufuna mpingo wa Chiafirika, wopanda anthu akuda otengera khalidwe la ku England. Aphunzitsi ndi ansembe achikuda ankayembekezeka kuvala mkanjo woyera wonga wa ku Zanzibar, kapena nsalu ndi malaya wamba, ndipo ambiri ankayenda opanda nsapato. Pa zithunzi zakale za mishoniyi mkanjo ndiwo umaoneka kwambiri, kwa Mzungu ndi kwa wakuda yemwe. Nkhani imene imakambidwa ya imfa ya Maples ili ndi mkanjo womwewo m'kati: pa 2 September 1895, atangodzozedwa kumene kukhala Bishopu wa Likoma, ngalawa yake inagubuduzika ndi namondwe, ndipo ngakhale ankadziwa kusambira, mkanjo wonyowa unamulemera. Anaikidwa ku Nkhotakota. Maganizo a amishoniwa pa zovala anali ndi ulemu wake, poti sankanyoza chikhalidwe cha eni nthaka monga ankachitira atsamunda ena. Vuto lake linali lakuti wosankha chimene Mwafirika ayenera kuvala kuti akhale Mwafirika weniweni anali Mzungu. Kum'mwera, ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, John Chilembwe kuyambira mu 1900 ankaphunzitsa zosiyana: kuti munthu wakuda atchene suti, avale chipewa, ndipo asachivulire aliyense chifukwa cha khungu.

Kuguwa nkhani ya m'khosi inali ndi malamulo okhwima, ndipo apa m'pamene kusiyana kwa mawu a Chingerezi aja kumagwira ntchito. Stole ndi nsalu yaitali yopapatiza imene mtundu wake umatsata nyengo ya mpingo: yoyera pa Khirisimasi ndi Pasaka, yofiira pa Pentekoste ndi masiku a ofera chikhulupiriro, yofiirira pa nyengo ya kulapa, yobiriwira masiku wamba. Dikoni amaikoleka paphewa lamanzere n'kuimanga m'chiuno kumanja. Wansembe yekha ndiye amaivala m'khosi, mbali zonse ziwiri zikulendewera kutsogolo. Choncho munthu wosadziwa kuwerenga, atakhala kumbuyo kwenikweni kwa St Peter's, ankatha kudziwa udindo wa woyimirira kutsogolo pongoona mmene nsaluyo yagonera. Pali nsalu inanso yofanana nayo, yakuda bii, imene Angerezi amaitcha scarf kapena tippet. Imeneyo ndi ya mapemphero a m'mawa ndi a madzulo, si ya Misa, ndipo m'madayosizi ambiri mlaliki wosadzozedwa amavala yonga yomweyo koma yabuluu. Chodabwitsa n'chakuti mapemphero akale odzozera ansembe ankatcha stole kuti goli la Khristu. M'dziko limene goli linali chinthu chimene agogo anachiona ndi maso, fanizoli silinkamveka mopepuka ngati ku Oxford.

Amene anayamba kulisenza goli limeneli ndi odziwika. Yohana Abdallah, Myao, mwana wa mfumu, anakhala wansembe mu 1898 n'kutumikira ku Unangu. Ndiye analemba mbiri ya Ayao imene inasindikizidwa mu 1919. Augustine Ambali anagwidwa ukapolo ali mnyamata kudera la Azaramo, anapulumutsidwa panyanja yamchere ndi sitima ya nkhondo ya Angerezi, anaphunzira ku Zanzibar, nabwera kuno ndi Johnson. Anagwira ntchito zaka zambiri ku Msumba ndipo anadzozedwa unsembe mu 1906. Leonard Kamungu wa ku Chia, Mnyanja woyamba kufika pa unsembe, anadzozedwa mu 1909, napita kukayambitsa ntchito ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Mayina ndi ochepa chifukwa chipata chinali chopapatiza: munthu ankakhala mphunzitsi zaka, mlaliki zaka, dikoni zaka, tsitsi n'kuyamba kuchita imvi nsalu ija isanachoke paphewa kupita m'khosi. Mtanda waukulu wa pachifuwa, wa ubishopu, ndiye unachedwa koposa. Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma pomwepa wobadwa mu 1903, anauvala mu 1965, patapita zaka 80 mishoni itafika, ndipo mu 1971 anakhala bishopu wa dayosizi ya Lake Malawi.

Kolala yoyera ya abusa, imene lero timaiona ngati chizindikiro chakalekale, ndi ya posachedwa poyerekeza ndi stole. Inafala ku Britain m'zaka za m'ma 1800, pamene makolala a malaya anali ochotseka, ochapa paokha, olimbitsa ndi sitalichi ndi kusita ndi nsimbi ya makala. Ya m'busa inasiyana ndi ya kalaliki pa chinthu chimodzi chokha: inkatsekera kumbuyo, n'kusasiya malo omangapo tayi. Angerezi eni ake, mwa nthabwala zawo, anaipatsa dzina loifanizira ndi lamba wa m'khosi mwa galu.

Tayi anafika pa Likoma mosadzera kumishoni, ngakhale mishoniyo ndiyo inamutsegulira njira. Sukulu zake zinaphunzitsa anthu ochuluka kuwerenga, kulemba ndi kuwerengetsa. Panali nyumba yosindikizira mabuku, chipatala, ukalipentala, ndi koleji ya aphunzitsi ya St Michael's imene inasamukira pachilumbachi kuchoka ku Kobwe wansembe Arthur Douglas atawomberedwa ndi msilikali wa Chipwitikizi mu 1911. Koma chinangwa ndi usipa sizikanatha kusunga ophunzira onsewo. Anyamata anatuluka: ku Zomba ndi Blantyre, ku Fort Jameson ndi kumigodi ya mkuwa, ku Salisbury, Bulawayo, Joni, ena ku Tanganyika. Ambiri anakakhala makalaliki, otanthauzira m'makhoti, aphunzitsi, othandiza madokotala. Kumeneko tayi anali malire ooneka ndi maso pakati pa wogwira cholembera ndi wogwira fosholo. Kansaluka sikafunditsa, sikaphimba usiwa, sikapukuta thukuta, ndipo kupanda ntchito kwakeko ndiwo unali uthenga wake: wovalayo sakoka khoka, sayandikira makina. Wobwera kutchuthi ankatsika sitima atamanga tayi ngakhale mu October dzuwa likuswa mtengo, ndipo ngakhale matchona amene sanabwerenso ankatumiza chithunzi chojambulitsa m'tauni, tayi ali pamalo pake, kuti kumudzi adziwe kuti zinthu zikuyenda.

Tsidya la nyanja, makilomita ochepa kuchokera pa Likoma, abale a anthu omwewa ku Kobwe amatcha chinthu chomwechi gravata, ndipo dzinalo limasunga mbiri imene Chingerezi chinaitaya pa tayi. M'nkhondo ya zaka 30 ya ku Ulaya, ya 1618 mpaka 1648, asilikali a ku Croatia olembedwa ganyu ndi France ankamanga kansalu m'khosi. Afalansa anakatengera n'kukatcha cravate, kuchokera ku dzina la mtundu wa asilikaliwo. Apwitikizi anasunga dzinalo pa tayi wa lero. Angerezi analisiyira nsalu yotambalala ija, tayi wopapatiza n'kumutcha ndi mneni wawo wa kumanga. Maonekedwe amene tikuwadziwa anakhazikika m'zaka za m'ma 1920, pamene Jesse Langsdorf wa ku New York anayamba kudula nsalu mopingasa m'zidutswa zitatu kuti tayi asamapotoke. Ku Mozambique kansaluka kanali ndi kulemera kwina, chifukwa kufikira 1961 lamulo linkagawa anthu akuda pawiri, ndipo wofuna kulembedwa kuti ndi assimilado ankayenera kusonyeza kuti amalankhula Chipwitikizi ndi kukhala monga Mpwitikizi. Wamalonda wa pa Likoma akaoloka ayeneranso kusamala: colar kumeneko ndi mkanda wa m'khosi wa amayi, pamene kolala ya malaya ndi colarinho.

Amene anamulanda tayi m'manja mwa makalaliki n'kumupatsa mudzi wonse ndi malipenga. Nkhondo ya 1914 inafika panyanja ino msanga: mu August chaka chimenecho sitima ya Guendolen inalemaza ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven, lero Liuli, ndipo sitima ya mishoni, Chauncy Maples, inatengedwa kukanyamula asilikali. Amuna amene anaona perete wa King's African Rifles ndi gule wa beni wochokera kugombe la Aswahili anabwera nazo kwawo, n'kuzisandutsa gule wawo, wa ng'oma ndi zikho zoimbira. Gulu lililonse ndi boma, lili ndi mfumu yake, akapitawo, dokotala ndi anamwino. Ovina amafola m'mizere atavala malaya oyera, kabudula wosita, masokosi aatali, ndi tayi. Pampikisano wa midzi ukhondo umaweruzidwa pamodzi ndi mapazi, ndipo boma lobwera ndi makolala akuda limasekedwa lisanayambe n'kuvina komwe. Pabwalo la malipenga msodzi amene sanalowepo mu ofesi amamanga mfundo yowongoka kuposa ya bwanamkubwa, ndipo sindikhulupirira amene amati uku n'kutengera Azungu chabe. M'menemo muli kuseka, muli kunyada, mulinso kunena kuti chovala cha olamula chilibe mwini. Tsidya lija gule yemweyu amamutcha n'ganda, ndipo amayi mbali zonse ziwiri amayankha ndi chioda.

Ufulu utabwera, atsogoleri a maiko oyandikana nafe anakangana ndi tayi. Julius Nyerere anasankha suti yopanda kolala yopinda. Kenneth Kaunda, amene bambo ake anachokera ku Nyasaland kukatumikira ku Lubwa, anadziwika ndi suti ya manja aafupi, nthawi zambiri ndi kansalu kofewa kolowetsa m'khosi, ndiye cravat ija. Mobutu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 analetseratu suti ndi tayi m'dziko la Zaire, nalamula jekete lotchedwa abacost, limene nalonso ankalivala ndi kansalu m'khosi. Motero nsalu yakale ya asilikali a ku Croatia inasanduka chizindikiro cha kukana Ulaya, pamene mwana wake, tayi, anatsala ndi mlandu wa utsamunda. Malawi anayenda njira yakeyake. Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958 atavala suti, ndipo kwa zaka zonse za ulamuliro wake sankaoneka pagulu wopanda suti ya zidutswa zitatu, tayi, chipewa ndi litchowa. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, abambo nawo analetsedwa tsitsi lalitali, ndipo muyezo umene anthu ankaudziwa unali wakuti lisagwere pa kolala. Malamulowa anachotsedwa mu 1993, koma tayi anatsala m'maofesi a boma, m'Nyumba ya Malamulo, m'mabanki ndi m'masukulu ambiri a sekondale, ndipo maloya athu akadavalabe timalilime tiwiri toyera m'khosi akamaima pamaso pa woweruza wa khoti lalikulu.

Sikafu ndi yokhayo pa zonsezi imene inabwera yopanda wopereka chilolezo. Mwera ukayamba kuomba mu May mpaka August, msodzi amene akukagona panyanja ndi nyali ndi chilimira amakulunga m'khosi chilichonse chimene wapeza, kaya ndi sikafu yaubweya, kaya mpango wa mkazi wake, kaya chidutswa cha chitenje. Mpango womwewo mawa uli kumutu ngati duku, mkuja wamanga ndalama pamfundo.

Chimene chinagwetsa malire akale ndi kaunjika. Mabelo a zovala zakale amafika ku Nkhata Bay, n'kukwera Ilala, sitima imene yakhala ikuzungulira nyanjayi kuyambira mu 1951, kapena maboti ang'onoang'ono, ndipo tayi wa silika amene anagulidwa modula ku London amathera pamphasa pamsika wa Mbamba, mtengo wake wosafika pa mbale ya usipa. Mnyamata wa ku Khuyu amamugula pa tsiku la ukwati wa mnzake, osafunsa aliyense. Kolala ya abusa nayo tsopano ndi kapulasitiki koyera kolowetsa m'malaya, kogulitsidwa m'sitolo, ndipo mipingo yatsopano imene yafika pachilumba chimene kale chinali cha Angilikani okhaokha imadzoza abusa ake popanda zaka zija za kudikira. Stole ndi mtanda wa bishopu ndizo zikadali m'manja mwa dayosizi ya Northern Malawi, imene St Peter's ndi tchalitchi chake chachikulu.

Likoma atakhala boma palokha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kuchoka pansi pa Nkhata Bay, maofesi anachuluka, ndipo m'khosi munabwera chinthu china chimene atelala sachisoka: chingwe chansalu cholembedwa dzina la unduna kapena la bungwe, chokhala ndi chiphaso cha chithunzi kumapeto. Amachivala alangizi a zaumoyo, owerenga anthu pa kalembera, oyang'anira chisankho, ndi obwera kudzachititsa maphunziro a masiku awiri. Pamsonkhano wa pamudzi, wovala chingwecho ndiye amapatsidwa mpando wa kutsogolo ndi kulemba mayina a olandira thandizo, ngakhale atabwera ndi malaya opanda kolala, pamene mkulu wopuma ntchito amene wamanga tayi wake wa ku Bulawayo amadikira pamzere kuti dzina lake liitanidwe.